Zikomo nonse, zithunzi zija zapachikidwa

Lachisanu lapitali, m'chipinda choonetsera zithunzi ku Braamfontein, amayi anasendera pafupi ndi chithunzi changa chachikulu n'kuloza ndi chala osakhudza pepala. Amvekere, "Kodi ichi si chitenje cha amayi anga?" Ndinalephera kuyankha, misozi ili chuchuchu. Zaka zitatu zophunzira luso losindikiza zithunzi zatha, ndipo ndati ndithokoze poyera anthu amene anandibereka kumsana.

Kwa inu amene simundidziwa bwino, amayi ndi Mchewa wa ku Dedza, bambo ndi Mosotho wa ku Soweto. Ndinakulira kwa agogo kumudzi, kuno ku Joni ndinabwera ndili ndi zaka 13. Kumudzi ankanditchula "wa ku Joni", kuno ndikayankha foni m'Chichewa m'takisi ena amanong'ona kuti "kwerekwere". Ndinakhala nthawi yaitali ndikudziona ngati mleme, kwa mbalame ayi, kwa mbewa ayi. Anandimasula ndi amalume. Anati, "Kwa ife mwana ndi wa kuchikazi, mwinimbumba wako ndine. Kwa abambo ako mwana amatsata bambo. Nanga wakukana ndani? Tonse tikukulimbirana." Amalume, ntchito yanga yonse yomaliza inamera pa mawu amenewa. Zikomo.

Ndinasema lino ziwiri za chithunzi chimodzi (lino ndi chipepala chochindikala ngati labala chimene timasemapo chithunzi, n'kupaka inki, n'kudinda papepala). Yoyamba inali ya inki yofiirira ngati katondo, yotengera maluwa a chitenje cha agogo ndi mizere ya zojambula za m'mapanga a Chongoni, kufupi ndi kwathu, kumene kuli malo 127 a zojambula pamiyala omwe UNESCO inawalemba m'kaundula wake mu 2006. Yachiwiri inali ya buluu, timadontho ta nsalu ya shweshwe ya nkgono, kutanthauza agogo m'Chisotho, mayi wa bambo anga. Pepala limalowa m'makina kawiri, ndipo lino yachiwiri ikangosuntha pang'ono pokha, nkhope imatuluka ndi maso anayi, pepala latayika. Ndinaononga ambiri ndisanapeze pamene mitundu iwiriyo imakumana bwino n'kubala wachitatu umene sindinausakanize ndi dzanja.

Nkgono, ke a leboha, zikomo. Munatsegula sutikesi n'kundipatsa nsalu yatsopano, youma gwa ndi sitachi, ili ndi kafungo kake kaja ka shweshwe yosachapa, n'kundifotokozera kuti dzina lake linachokera kwa Mfumu Moshoeshoe ya Asotho. Ndi tsiku lomwelo ndinazindikira kuti chitenje ndi shweshwe zonse ndi nsalu zosindikiza. Agogo anga awiri akhala akuvala m'chiuno luso limene ine ndinkaliyesa la kusukulu.

Zilombo za Gule Wamkulu sindinaseme, ngakhale anzanga ena ankati zikanakopa ogula. Ndinafunsa kumudzi, ndipo ndinamva kuti si zanga kuzitulutsa. Ndinakondwa kuti ndinayamba ndafunsa.

Aphunzitsi anga, munandionetsa ntchito za John Muafangejo wa ku Namibia ndi Azaria Mbatha, amene anaphunzira ku Rorke's Drift, ku KwaZulu-Natal. Muafangejo ankasema mawu m'kati mwa zithunzi zake, ndipo wosema lino aliyense amadziwa kuti zilembo uyenera kuzisema chobwerera kuti ziwerengeke papepala. Ndinalimba mtima n'kusema mawu awiri, "agogo" ndi "nkgono". Munandiuzanso za Artist Proof Studio, nyumba yosindikizira zithunzi ya kuno ku Joni imene Kim Berman ndi Nhlanhla Xaba anayambitsa mu 1991, momwe inapsera mu 2003, Xaba n'kufera pamotopo, koma otsala anaimanganso. Nkhaniyi munandiuza sabata imene ndinkafuna kusiya.

Munali mu Juni. Amene mumakhala kuno mukudziwa chisanu chake. Lino ikazizira imauma, ndipo timayenera kuifunditsa pafupi ndi hita tisanaseme. Ine ndi changu changa sindinadikire, komanso dzanja lamanzere ndinaliika kutsogolo kwa kampeni, chinthu chimene timaletsedwa tsiku loyamba. Kampeni kanaterereka n'kulowa pansi pa chala chachikulu. Anandisoka, ndipo kwa masabata asanu sindinathe kugwira rola ngakhale kupukusa chiwongolero cha makina. Nthawi yomweyo ndalama za mapepala ndi inki zinali zitatha.

Mnzanga wa m'kalasi, iwe wa ku Limpopo, unasiya ntchito yako usiku ndi usiku kudzandipakira inki n'kundipukusira makina, ine nditaima pambali ndikungonena kuti "onjeza pang'ono, basi pomwepo". Sunadandaule ngakhale kamodzi, pamene nawenso unali ndi chionetsero chokudikira. Amayi a chipereganyu cha ku Rosettenville, munalola kuti amayi anga alandire mwezi umene sunali wawo. Ndikudziwa kuti ambiri mwa inu mumachapa ndi kukolopa m'nyumba za anthu, ndipo ndalamazo zinali ndi ana ozidikira ku Mangochi, ku Mzimba, ku Thyolo. Mapepala onse ali pakhomawo ndi thukuta lanu. Munabweranso Lachisanu mutatchena zitenje, n'kululutira m'chipinda chimene anthu amazolowera kuyankhula monong'ona. Sindidzaiwala.

Bambo, munandinyamulira mafulemu m'takisi ziwiri mutawakumbatira ngati khanda. Amayi, munandimanga bala usiku uliwonse mutabwera kuntchito miyendo itatupa, ndipo simunanenepo kuti ndikanasankha unamwino.

Chionetserochi chilipo mpaka Loweruka, kulowa n'kwaulere, bwerani ndi ana. Chithunzi chachikulu chija ndinasindikiza makope 12. Cha nambala 2 chili kale pakhoma kwa nkgono ku Soweto. Cha nambala 1 ndachipinda m'paipi ya pulasitiki, chikwera basi ku Park Station Lamlungu. Amalume, mukachilandire ku Dedza, ndipo mukawauze agogo asambe m'manja asanachifunyulule, inki ya mafuta imachedwa kuuma.