Zimene ndaphunzira pofunafuna mapepala a boma muno mu Zomba

Chaka chino aphunzitsi athu a mbiri ya dziko anatipatsa ntchito yoti aliyense asankhe nkhani imodzi yokhudza dera la kwawo, ndipo aifufuze pogwiritsa ntchito mapepala a boma okha, osadalira zimene anamva kwa akuluakulu kapena zimene anawerenga pa intaneti. Ine ndinasankha nkhani ya malo, chifukwa agogo anga aamuna, amene anakulira kufupi ndi Magomero, ankakonda kunena kuti makolo awo analima thangata m'minda ya azungu kuti aloledwe kukhala pa nthaka imene anabadwirapo. Ndinkaganiza kuti ntchitoyo itenga masabata awiri, popeza nyumba yosungirako zakale ya National Archives of Malawi ili mumzinda momwe muno, mtunda woyenda pansi kuchokera kumene ndimagona, koma inanditengera teremu yonse.

Choyamba chimene ndinachimvetsa mochedwa n'chakuti mapepala a boma ali panjira ziwiri, ndipo munthu akasokoneza njirazi amangotha nsapato pachabe. Mapepala akale, amene maofesi anasiya kuwagwiritsa ntchito, amapita kosungirako zakale. Mapepala atsopano, monga a ndalama za chitukuko cha chaka chatha kapena kaundula wa malo amene akugwirabe ntchito, amakhala m'manja mwa ofesi imene inawalemba, ndipo kuti uwaone umadalira lamulo lopatsa anthu ufulu wopeza uthenga, limene ambiri amangolitchula kuti ATI. Ine ndinayamba ndi njira yakale.

Nyumba yosungirako zakaleyi inatsegulidwa mu 1947 ngati nthambi ya Central African Archives, imene likulu lake linali ku Salisbury, mzinda umene lero ndi Harare, ndipo inakhala yoima payokha chitaganya cha Rhodesia ndi Nyasaland chitatha kumapeto kwa 1963. Kuti ili ku Zomba si zodabwitsa, pakuti muno ndi mmene munali likulu la boma kuyambira nthawi ya Harry Johnston mpaka 1975 pamene likulu linasamukira ku Lilongwe, ndipo ngakhale aphungu anapitiriza kukumana muno mpaka 1994. Tsiku loyamba ndinafika ndi funso lotambalala ngati Nyanja ya Chilwa m'dzinja, lakuti ndikufuna chilichonse chokhudza thangata. Mayi amene anandilandira sanandiseke, koma anandikhazika pansi n'kundiuza kuti: "Achimwene, mapepala sasungidwa potsata nkhani imene ili m'mutu mwanu, amasungidwa potsata ofesi imene inawalemba. Dzifunseni kaye kuti ndani akanalemba za nkhaniyi, ndipo akanalembera ndani." Mawu amenewa ndi amene anasintha kafufuzidwe kanga konse, chifukwa kuyambira pamenepo ndinasiya kufunafuna liwu lakuti thangata, n'kuyamba kutsata makalata a pakati pa DC ndi ofesi ya mlembi wamkulu wa boma la atsamunda, malipoti a pachaka a maboma, ndiponso mabuku amene ma DC ankalembamo za mafumu, misonkho ndi milandu.

Apa ndi pamene ndinakumana ndi mpata umene palibe lamulo lingathe kuutseka. Mu 1919 moto unatentha maofesi a Secretariat, a mlembi wamkulu wa boma la atsamunda uja, muno mu Zomba, ndipo mapepala ambiri a zaka zoyambirira za ulamuliro wa atsamunda anapsa. Zaka zimenezo ndi zomwezo zimene ine ndinkazifuna kwambiri, zaka zimene malo aakulu a m'mapiri a Shire anagwa m'manja mwa makampani ndi azungu ochepa, ndiponso zaka zimene mkwiyo unakula mpaka John Chilembwe ndi anthu ake anaukira mu Januwale 1915, pamene William Jervis Livingstone, woyang'anira minda ya A. L. Bruce ku Magomero, anaphedwa. Wofufuza za nyengo imeneyo amayenera kutolatola m'malo ena: makope a makalata amene anatumizidwa ku London, zolemba za amishoni, ndi zimene zinasindikizidwa m'gazeti ya boma. Ndinakhala masiku angapo ndili wokhumudwa, koma pambuyo pake ndinaona kuti kudziwa chifukwa chimene pepala likusowera ndi gawo la phunziro lomwelo.

Chinanso chimene chinandivutitsa maganizo n'chakuti ngakhale mafayilo amene anapulumuka amayankhula ndi pakamwa pa mbali imodzi. Amene ankalemba anali DC, mwini esiteti kapena kalaliki wawo, ndipo anthu ngati makolo a agogo anga amaoneka m'mapepalamo ngati chiwerengero cha nyumba zokhoma msonkho, kapena ngati anthu ovuta amene athawa ntchito. Dzina la munthu wamba limatulukira kawirikawiri pokhapokha atapalamula mlandu. Ndinaphunzira kuwerenga lipoti lotere mobwereza, koyamba kuti ndimve zimene wolembayo ankafuna kuuza akuluakulu ake, kachiwiri kuti ndione zimene zinamupulumuka osadziwa. DC akadandaula kuti anthu akusamuka usiku kuchoka pa esiteti ina, iye akunena za vuto la antchito, koma ine ndikumva za mabanja amene anatopa n'kunyamula mitolo yawo. Pajatu mutu umodzi susenza denga, choncho ndinabwerera kwa agogo kukawawerengera zina mwa zimene ndinakopera, ndikuzimasulira m'Chichewa chifukwa zonse zili m'Chingerezi, ndipo iwo anandikonza m'malo awiri pamene mlembi wachizungu analemba molakwika mayina a midzi.

Gawo lachiwiri la ntchito yanga linafuna kuti ndione mmene malo omwewo alili lero, ndipo apa ndinalowa m'njira ya lamulo latsopano. Ufulu wopeza uthenga umene boma likusunga unalembedwa kale m'gawo 37 la malamulo oyendetsera dziko a 1994, koma panapita zaka zoposa 20 popanda lamulo lofotokoza mmene munthu angaugwiritsire ntchito, pamene lamulo la atsamunda losunga zinsinsi za boma la 1913 linali likadalipo. Nyumba ya Malamulo inavomereza bilu ya ATI mu Disembala 2016, Pulezidenti Peter Mutharika anaisayinira mu Febuluwale 2017, koma lamulolo linayamba kugwira ntchito pa 30 Seputembala 2020, boma litasintha. Limalamula kuti ofesi iliyonse ya boma ikhale ndi munthu woona za mapempho otere, kuti yankho liperekedwe pasanathe masiku 15 ogwira ntchito, ndiponso kuti likhale la maola 48 okha ngati nkhaniyo ikukhudza moyo kapena ufulu wa munthu. Lili ndi malire ake, monga pa zachitetezo cha dziko ndi zinsinsi za munthu wina, ndipo wokanizidwa angathe kukadandaula ku bungwe la Malawi Human Rights Commission, limene linapatsidwa udindo woyang'anira lamuloli.

Ndinalemba kalata yanga mosamala, nditaphunzira kale kuipa kwa funso lotambalala: ndinatchula dera, zaka, ndi mtundu wa pepala limene ndinkafuna, ndipo ndinapempha kuti andidindire kope langa posonyeza tsiku limene alandira. Ku ofesi imene ndinapita, bambo wa pakhomo anayamba wandifunsa kuti wandituma ndani, funso limene likuonetsa kuti ambiri a ife, ogwira ntchito m'boma ndi anthu wamba omwe, tikuganizabe kuti pepala la boma ndi la bwana, osati la mtundu wonse. Nditafotokoza kuti ndine wophunzira, anandilandira bwino, koma ndinadzifunsa kuti akanabwera mayi wa kumudzi wovala chitenje, wopanda chitupa cha sukulu, akanadutsa pakhomopo kapena ayi, chikhalirecho lamulo silisiyanitsa pakati pa iye ndi ine.

Masiku 15 aja anakwana popanda yankho, ndipo nditabwererako kachitatu ndi kope langa lodindidwa m'manja, wogwira ntchito wina anandiuza moona mtima kuti palibe amene akundibisira kanthu, koma fayiloyo sikuoneka. Anandilowetsa m'chipinda chimene munali mafayilo omangidwa ndi zingwe, ounjikidwa pansi mpaka pawindo, ena atadyedwa ndi chiswe m'mphepete, ena atanyowa ndi denga lodontha. Ndikanatha kukadandaula monga lamulo likunenera, ndipo mnzanga wina wa zamalamulo anandilimbikitsa kutero, koma ndinaona kuti dandaulo lingakakamize ofesi kupereka pepala limene ikubisa, osati pepala limene yokha sikudziwa pamene lili. Ndinakumbukira moto wa 1919, ndipo ndinaganiza kuti chiswe ndi chinyezi zikugwira ntchito yomweyo, kungoti pang'onopang'ono ndipo popanda utsi woti anthu athamangireko ndi zidebe.

Patatha mwezi wina, wogwira ntchito yemwe uja anandiimbira foni kuti wapeza theka la zimene ndinapempha, mapepala 11 amene anali m'fayilo ya dera lina. Ndinalipira ndalama yojambulira, ndipo m'lipoti langa ndinalemba mutu wapadera wofotokoza zimene zinasowa ndi chifukwa chake, umene aphunzitsi anati ndiukulitse chaka chamawa. Kope limodzi la mapepalawo ndinawapatsa agogo, ndipo analisunga m'chikwama cha pulasitiki pamodzi ndi chiphaso chawo cha unzika, pamwamba pa mtanda wa denga pamene chiswe sichifika.