Nkhuku ya ku Gilingamu

Mudziwiretu kuti ine ndinaphunzitsa Chingerezi zaka 9 pasekondale ina ku Dedza. Ndanena dala kuti muone kutalika kwa pamene ndinagwera. Wogwa pampando amadzuka n'kusansa fumbi, koma ine ndinachokera padenga.

Nditabwera ku England ndinapeza ntchito yosamalira okalamba ku Basingstoke. Patangotha miyezi 5, malume anaimba foni kuti mlongo wanga, mwana wa mayi aang'ono, wapeza banja ndipo chinkhoswe chachitika kale m'maganizo mwawo, kwangotsala tsiku. Iwo ndiwo nkhoswe yaikulu, ine wamng'ono, kutanthauza wonyamula katundu. Lichero, mthiko ndi chipande zinali kale kwa ine chifukwa mayi anandikakamiza kuzinyamula pochoka kumudzi. Kunatsala nkhuku. Thadzi lamoyo kuno sungakwere nalo sitima, ndiye anagwirizana kuti pakhale yootcha yokha, ija ankhoswe amang'ambirana anthu akuona.

"Osati zoyera zofewa ngati siponji zija," anatero malume. "Upeze yolimba, yoti mano adziwe kuti agwira ntchito."

"Ndamva malume. Nanga mwambowo uli kuti?"

"Konkuno ku Jilingamu. Ndikulembera."

Uthenga unafika: Gillingham, holo ili pafupi ndi tchalitchi chakale cha St Mary, 2 koloko, kenako postcode. Ndinayang'ana dzinalo n'kuseka chamumtima. Malume akhala kuno zaka 20, koma sukulu analekeza fomu 2. Uphunzitsi suchoka m'magazi, choncho ndinawaimbiranso.

"Malume, dzinali amatchula kuti Gilingamu. G wake ndi yemwe uja wa Gilbert."

Anakhala chete pang'ono. "Chabwino aphunzitsi. Ife osaphunzirafe timangokhalako."

Anayamba kundifotokozera njira: ukwere ya ku London, ukatsike pa Waterloo, ukalowe sitima zapansi zija mpaka pa Victoria, ukakwerenso ina, upatule maola atatu. Ndinkangoti eya, eya, osalemba kanthu.

Nkhuku ndinaipeza mushopu ya munthu wa ku Nigeria. Lachisanu usiku ndinaiwiritsa kaye, n'kuiotcha bwinobwino ndi adyo, tsabola ndi mandimu, nthutumba n'kuibwezera m'kati monga mwa ulemu wake. Loweruka m'mawa sindinadye kanthu. Wopita ku chinkhoswe sawononga malo m'mimba ndi buledi.

Pasiteshoni ya Basingstoke ndinakweza maso pachikwangwani, ndipo mtima unadumpha. Sitima ya ku Exeter: Andover, Salisbury, Tisbury, Gillingham. Yachindunji, osasintha paliponse! Ndinapita pazenera n'kutchula dzinalo momveka bwino, ngati ndili kutsogolo kwa fomu 4.

"Gi-?" anafunsa mayi wogulitsa matikiti, akundiyang'ana pamwamba pa magalasi.

"Gi," ndinatsimikiza.

Anagwedeza mutu n'kundipatsa tikiti. Mwaonatu, mwini chinenero wavomereza. Patikitipo panalinso mawu akuti Dorset, koma ndinati ndi dzina la dera chabe, monga Ndirande ali ndi Goliyo, Makata ndi Chinseu. Ndinawamvera chisoni malume. Zaka 20 akuzungulira ku London, kulipira sitima zitatu, pomwe njira yachidule ilipo.

M'sitima nkhuku inayamba kudzilengeza yokha. Fungo la adyo linadzaza chipinda chonse, ndipo galu wa bambo wina amene anakhala moyang'anana nane anandiyang'anitsitsa kuchokera ku Andover mpaka ku Salisbury osaphethira. Titadutsa Salisbury nyumba zinayamba kutha. Kunja kunali madambo obiriwira, mipanda ya zitsamba ndi ng'ombe zamkaka zamawangamawanga, zonenepa ngati za nduna. Ndinati, ohoo, kani malume amakhala kumudzi! Zithunzi za nyumba zosanja zija amaika pa Facebook amakajambulitsa kwina.

Ndinatsika 12 koloko itangodutsa. Ndinafunsa mnyamata wina za St Mary, iye n'kundilozera bwinobwino. Ndinayenda mumsewu wa mashopu, suti yanga yabuluu, chikwama kumsana, lichero kukhwapa, mthiko ukusuzumira pamwamba pa jumbo. Tchalitchi ndinachipeza, chakaledi, chamiyala, chikwangwani chikuti St Mary. Zonse monga mwa uthenga.

Koma kunali zii. Chinkhoswe cha Amalawi sichibisika. Pamayenera kukhala magalimoto oimikidwa mopingasa, amayi a zitenje zofanana akukangana za mapoto, fungo la mpunga wa Kilombero, ndi mnyamata woyesa zokuzira mawu kwa ola lathunthu. Apa kunali njiwa ziwiri basi. Ndinapukusa mutu: Amalawi ndi nthawi! Ndinakhala pabenchi pakati pa ziliza, chifukwa kuno manda amakhala pabwalo la tchalitchi penipeni, ndipo ndinalemba pagulu la banja pa WhatsApp kuti: "Ena tafika kalekale. Abale, kuno si ku Mchesi, tiyeni tiphunzire kusunga nthawi."

Uthenga umenewo ulipobe. Anthu anaujambula.

Nthawi itatsala pang'ono kukwana 2 koloko, foni inalira.

"Iwe, uli pati?"

"Pa St Mary pano malume, kuyambira kalekale."

"Pa St Mary ndaima ine. Uli mbali iti?"

"Pakhomo lalikulu."

"Pakhomo lalikulu pali ine ndi alamu ako. Ukuona chiyani?"

"Ziliza."

"Ziliza ndikuziona inenso. Kweza lichero m'mwamba ndikuone."

Ndinakweza.

"Sindikuona. Kwera pamalo okwera, uligwedeze."

Ndinakwera pabenchi. Dzanja lina lichero m'mwamba, lina mthiko, foni ndaipana ndi phewa, jumbo ya nkhuku ili pamapazi. Ndinkatembenukira uku ndi uku ndikukuwa kuti, "Pano malume! Pano!" Nthawi yomweyo chitseko cha tchalitchi chinatseguka, n'kutuluka gogo wina wachizungu atanyamula ndowa ya maluwa ofota. Anaima n'kundiyang'ana.

Inu a kwathu mukudziwa. Munthu wopezeka kumanda dzuwa lili paliwombo, atakwera pamwamba, lichero m'manja, nkhuku pambali, akuitana malume ake amene sakuoneka, safunsidwa mafunso. Nkhani yake imathera kwa amfumu. Mwayi wanga unali woti gogoyu sankadziwa kuti lichero ndi ndege. Anangofunsa mwaulemu ngati ndili bwino.

Ndinatsika n'kumuonetsa uthenga wa malume. Anavala magalasi, nawerenga mpaka pa postcode paja, pamene ine sindinafikepo n'komwe. Inkayamba ndi ME7.

"Mwanawe," anatero, "ME ndi Medway. Kumeneko ndi ku Kent. Kuno ndi ku Dorset, zathu zimayamba ndi SP8. Iwe ukufuna ku Jilingamu. Kuno ndi ku Gilingamu."

Foni inali isanadulidwe. Ndinamva mpweya wa malume, kenako mawu awo, odekha ngati a m'busa pamaliro.

"Agogowo akuti chiyani? Apemphe abwerezenso. Ine wosaphunzirane sindinamve bwino."

Kalembedwe kamodzi, zilembo 10 zomwezo, matauni awiri otalikirana makilomita oposa 200, ngati kuchoka ku Lilongwe kukafika cha ku Balaka. Ya ku Kent, ya anthu oposa 100,000, ya timu ya mpira ija imasewera pa Priestfield, amaitchula ndi J. Ya ku Dorset, kamtauni ka anthu pafupifupi 12,000, amaitchula ndi G. Uko tchalitchi chakale ndi St Mary Magdalene, kuno ndi St Mary the Virgin. Ine ndinali nditatchula bwino kwambiri dzina la malo amene sindinkapitako.

Sitima yobwerera inali patali, ndiye gogo uja anandilowetsa m'kachipinda ka kuseri n'kunditelekera tiyi. Anati sindine woyamba, amabwera ena ngakhale okaonera mpira, atavala malaya a timu, n'kumafunsa bwalo. Kenako anandiphunzitsa ine mphunzitsi. Dzinali ndi la Chingerezi chakalekale, cha zaka zoposa 1,000 zapitazo. "Ham" ndi mudzi, "ing" ndi anthu ake a munthu, ndipo munthuyo ankatchedwa Gylla. Gillingham ndiye kuti mudzi wa anthu a Gylla. Midzi yonse iwiri inalembedwa m'kaundula wamkulu wa malo amene mfumu William inalamula, wa mu 1086.

Apa m'pamene zinandipweteka zenizeni, chifukwa nzeru imeneyi ndi ya kwathu. Timati kwa Gomani, kwa Kachindamoto, kwa Bvumbwe, mudzi n'kutenga dzina la mwini wake. Mkanda aliko ku Mchinji, aliponso ku Mulanje. Mwanza ali ku Malawi, wina ali ku Tanzania. Munthu akati ndikupita kwa Mkanda, ngakhale kondakitala wa minibasi amafunsa kuti Mkanda wake uti. Ine ndinawoloka nyanja n'kusiya funso limeneli pa Chileka.

Ndinamuuza gogoyo kuti mwina Gylla ameneyu anali wamitala, mkazi wamkulu ku Kent, wamng'ono ku Dorset, ndipo anasintha katchulidwe dala kuti asadziwane. Anaseka mpaka kutsamwa tiyi. Anafunsa ntchito ya lichero, ndinati n'lopetera ufa ndi mpunga. Ntchito inayo sindinamuuze, ngakhale tsiku limenelo ndinalakalaka ikanakhala yoona. Mphindi zisanu ndikanatera ku Kent.

Ndinakwera sitima 3 koloko itayandikira. Kuchoka kumeneko kukafika ku Waterloo ndi maola awiri, ndipo njira yake imadutsa pa Basingstoke pomwe. Ndinaona pazenera malo amene ndinaima m'mawa ndikuwamvera chisoni malume. Foni inkangonjenjemera m'thumba. Wina anabweza uthenga wanga uja ndi mawu akuti, "Zoonadi, si ku Mchesi." Wina anafunsa ngati kumene ndiliko kukufunika pasipoti. Ndinaizimitsa.

Tsono njala. Chiyambire m'mawa m'mimba munali tiyi wa gogo ndi bisiketi imodzi. Jumbo inali pamiyendo, ikununkhira. Ndinalimbana nayo mpaka ku Woking. Kenako ndinaganiza kuti phiko limodzi palibe angaliwerenge. Nditadya, ndinaona kuti nkhuku ya phiko limodzi ndi yochititsa manyazi, imaoneka kuti yabedwa, pomwe yopanda mapiko onse munthu akhoza kuganiza kuti ndi mtundu wake. Ndinakonza cholakwikacho. Pa Victoria, podikira sitima yachitatu, nzeru yomweyo inagwiranso ntchito pa miyendo. Za nthutumba sindikufuna kukambapo. Ndikudziwa kuti ndi ya akulu, koma pabenchi imene ija wamkulu ndinali ine.

Ndinalowa muholo cha m'ma 6:30, anyamata akusanjikiza mipando. Mwambo unali utatha. M'malo mwa lichero anapereka thireyi ya pulasitiki ya kukhitchini ya holoyo, m'malo mwa mthiko supuni yathabwa yobwereka, ndipo ankhoswe anang'ambirana zidutswa za nkhuku yokazinga ya m'kabokosi, yofewa ngati siponji. Mlongo wanga anandiyang'ana kamodzi kokha. Ndikanakonda akanandimenya.

Malume anaombera m'manja kuti anthu akhale chete. "Aphunzitsi afika," analengeza. Nthungululu zinalira. Analandira lichero ndi manja awiri, mthiko, chipande, kenako jumbo. Anaitsegula patebulo lapamwamba, pamaso pa akuchimuna onse, n'kufunyulula pang'onopang'ono. Munatsala msana, khosi ndi chidali cha mbali imodzi.

Anainyamula m'mwamba, naitembenuza kuti aliyense aone.

"Abale, musadabwe. Iyi ndi nkhuku ya ku Gilingamu. Za ku Jilingamu kuno zimakhala ndi miyendo."

Nkhoswe ya kuchimuna, bambo wamkulu wa ndevu zoyera, inagwa pampando ndi phwete. Anagamula pomwepo kuti mlandu wotere sungathe ndi pakamwa. Anayatsanso zokuzira mawu zimene anali atazimitsa kale, thireyi ija n'kuiika pansi, ndipo ndinavina perekaniperekani ndekhandekha, nyimbo yonse, ndikuponya mapaundi amene ndinkati ndapulumutsa pa njira yachidule.

M'mawa mwake malume anandiperekeza ku siteshoni pagalimoto, koma anadzera njira yaitali dala. Anaima pafupi ndi chipilala china chokhala ndi wotchi m'mbali mwa msewu waukulu. Anati n'chokumbukira William Adams, mwana wa m'tauni momwemo, wobadwa mu 1564. Ananyamuka mu 1598 ndi zombo zisanu za Adatchi, chake chokha n'kukafika ku Japan mu 1600, ndipo anafera komweko mu 1620 osaonanso kwawo.

"Ndiye usadandaule kwambiri," anatero akuliza galimoto. "Iwe unabwerako tsiku lomwelo."

Ukwati uli mu Ogasiti kwawo kwa mwamuna, ku Newcastle. Ndinafufuza mwakachetechete usiku, osauza munthu. Ilipo Newcastle upon Tyne, iliponso Newcastle-under-Lyme, ndipo ina ili ku KwaZulu-Natal. Ndinaimba foni kuti ndifunse kuti yake ndi iti, koma malume anati ndisavutike. Ndidzakwera galimoto yawo, mpando wakumbuyo, pakati. Chakudya chapanjira adzasunga mdzukulu wawo wa zaka 11.