Magazi a Agogo Atandithawa ku Joni

Ana asukulu ndi anthu oopsa. Ukawauza kanthu Lolemba, amakasunga ngati ngongole ya katapila, n'kudzakukumbutsa tsiku limene ulibe pothawira.

Nthawi imeneyo ndinkaphunzitsa masamu pasukulu ina ku Soweto. Tsiku lina masana, ana a Giredi 9 akuwodzera, ndinasiya choko n'kuyamba kuwasimbira za agogo anga aamuna, amene anabwera ku Joni kuno pa Wenela. Anabwerera kumudzi mu 1974, chaka chimene Kamuzu analetsa ulendo wa kumigodi, atanyamula njinga, wailesi ndi chikhoti cholemera chimene ankachivala ngakhale dzuwa la mu Okutobala. Nkhani ikanathera pomwepo bwenzi zili bwino. Koma pakamwa panathamanga. "Ife kwathu mantha sitiwadziwa," ndinatero. "Agogo anga ankatsikira pansi pa nthaka mwakhalapoyi tsiku ndi tsiku, akuimba mluzu." Ndinadzigugudanso pachifuwa.

Kumapeto kwa teremu sukulu inakonza ulendo wa ku Gold Reef City, malo amasewera amene anamangidwa pamgodi wakale wagolide, pa chitsime cha nambala 14 cha Crown Mines. Golide anapezeka m'derali mu 1886, ndipo Johannesburg yense anamera pamenepo. Lero pamene anthu ankatuluka thukuta pali zisitima zoyenda m'malere, ndipo munthu umalipira ndalama zako kuti akuopseze. Ine ndinapita ngati woyang'anira ana. M'maganizo mwanga ntchito inali yowerenga mitu ndi kusunga zikwama.

Ndinatchenanso. Ndinavala nsapato zatsopano zosongoka, zimene ndinagula motchipa m'tauni chifukwa zinali zazikulu pang'ono, ndipo kutsogolo ndinatsenderamo nyuzipepala. Tisanakwere basi ndinadya kota yathunthu. Kwa amene simuidziwa, kota ndi buledi wobowola pakati, n'kuthiramo tchipisi, poloni, dzira ndi atcha. Ndi chakudya cha munthu amene akukagona, osati wokazondotsedwa.

Titangolowa, mtsikana wina wa pabenchi yakutsogolo, yemwe masamu ankalephera koma mawu anga ankawaloweza onse, anandigwira mkono. "Sir, mdzukulu wa munthu wa kumgodi ayambe ndi Anaconda." Anzake anaomba m'manja. Ndinakweza maso. Chinthucho n'chosiyana ndi sitima imene mukuidziwa: njanji ili pamwamba pa mutu, mipando ikulendewera kunsi ngati mileme, miyendo ya anthu ikungopalasa mphepo. Kukana kunali kotheka, koma aphunzitsi anzanga awiri aakazi anali atatulutsa kale mafoni.

Pamzere tinaima pafupifupi theka la ola, nthawi yokwanira kulapa machimo onse. Nditafika kutsogolo, mnyamata womanga anthu pamipando anayang'ana kumapazi kwanga n'kundilangiza mwaulemu kuti nsapato zolobodoka ndi bwino kuzisiya pansi. Malangizo anali abwino. Vuto linali sokosi ya kumanzere, imene chala chachikulu chinali chitaiboola kalekale n'kumasuzumira kunja ngati mbewa pauna. Mphunzitsi wa masamu angaonetse zimenezo pamaso pa ana 40? Ndinamuyankha kuti nsapato zanga zimandidziwa.

Chiyambi chake chimanyenga. Chimakukweza pang'onopang'ono, unyolo ukulira kwe kwe kwe, ndipo mzinda wonse umaonekera, pamodzi ndi milu yachikasu ya dothi la m'migodi. Ndinayambanso kulozera mwana wa pambali panga kumene kuli Soweto. Chala chidakali m'mwamba, dziko linachoka.

Za zimene zinatsatira ndimadalira mboni, chifukwa maso ndinatseka. Ndikukumbuka kuti kumwamba kunapita pansi, pansi kunabwera kumwamba, ndipo kota ija inakwera mpaka pakhosi kudzafunsa chimene chikuchitika. Chingerezi chonse chimene ndinaphunzira kuyambira Sitandade 1 chinasungunuka. Akuti ndinakuwa "Mayo ine! Mayo ine!", kenako ndinaitana amayi, kenako Yesu, kenako ndinalamula dalaivala kuti aime nditsike, chonsecho chilibe dalaivala. Pokhota pachitatu phazi lakumanzere linamva kamphepo kozizira. Ndinatsekula diso limodzi n'kuona nsapato yanga ikuuluka yokha, nyuzipepala ija ikuitsatira pambuyo.

Chitaima, ana onse anatsika akuseka, ena akuthamangira kumzere kuti akwerenso. Ine mawondo anakana. Anachita kunditsitsa anyamata awiri, mmodzi uku wina uku, ngati nkhalamba yopita kuchipatala, chala chija chili poyera, chikupereka moni kwa aliyense. Nsapato inagwera mkati mwa mpanda, kumene munthu saloledwa kulowa zisitima zikuyenda, ndiye ndinauzidwa kuti ndidikire mpaka madzulo.

Tsiku lonse ndinalithera pabenchi, phazi limodzi m'jumbo, zikwama 40 zitandizungulira, ngati wogulitsa kaunjika. Kutsogolo kwanga kunali Tower of Terror, imene imagwetsa anthu mamita pafupifupi 50 chamutu kulowa m'dzenje. Ana ankabwera mmodzimmodzi kudzandifunsa mwaulemu wachinyengo ngati mdzukulu wa agogo wapumula mokwanira kuti akayese imeneyo. Pobwerera basi yonse inali itaphunzira Chichewa. Dalaivala akangoponda buleki, mawu 40 ankayankha pamodzi: "Mayo ine!" Mpaka chaka chinatha, ndikalemba samu yovuta pabolodi, yankho loyamba linali lomwelo.

Lamlungu ndinaimba foni kumudzi kuti mwina agogo aakazi anditonthoze. Ndinawafotokozera zonse, n'kumaliza ndi kudandaula kuti ndachititsa manyazi malemu, munthu amene ankatsikira pansi osaphethira.

Kunali zii kaye. Kenako ndinamva chikhakhali mpaka kutsokomola.

"Pansi pati, mwanawe? Agogo akowo analowa m'chikepe tsiku limodzi lokha, anawatulutsa atakomoka. Zaka zonse zija ankasenda mbatata kukhitchini ya pakomponi. Nanga nsapatoyo anakubwezera?"