Lachinayi usiku, tulo sitikubwera

Ndimawapaka mafuta m'miyendo yawo yotupa ija agogo amene ndimawasamalira kuno ku Los Angeles, ndiye ndinangoti, "Mulungu akuchizani, agogo." Iwo n'kundiyang'ana: "Mulungu wake uti, mwanangawe?"

Amapemphera ku Ecclesia Gnostica, kampingo kakang'ono ka mumzinda uno. Stephan Hoeller, wobadwira ku Budapest, anadzozedwa ubishopu wake mu 1967. Misa amachita, makandulo ndi lubani zilipo, amayi nawonso amakhala ansembe. Koma chiphunzitsocho ndiye china. Akuti amene anaumba dziko lino si Mulungu Wamkulu ayi, ndi wina wochepa, wosadziwa n'komwe kuti pali womuposa. Amamutchula Demiurge. N'chifukwa chake kuli khansa, zivomezi, ana kufa asanayambe kuyenda. Mulungu weniweni ali kutali, koma mwa munthu muli kambaliwali ka moto wake, kotsekeredwa m'thupi. Yesu anabwera kudzatidzutsa kuti tizindikire komwe tinachokera, pakuti chotimanga kwenikweni ndi umbuli, osati tchimo.

Agogo anandituma kukatenga buku lawo la Uthenga Wabwino wa Tomasi, mawu 114 amene akuti ananena Yesu, omwe anapezeka mumtsuko ku Nag Hammadi, ku Egypt, mu 1945. M'mphepete mwa masamba mwachita kuda ndi zala zawo.

Chikundivuta n'chakuti mbali ina yandifika pamtima. Achimwene atamwalira, aliyense wodzapepesa ankangoti "ndi chifuniro cha Mulungu," ine mtima ukuwira, koma osatha kuyankha. Lero munthu akundiuza kuti sichinali chifuniro chake n'komwe. Ndinamva ngati anditula mtolo wa nkhuni.

Komabe ayi. Ngati thupi ndi ndende, ine ndikulisambitsiranji mosamala chonchi? Mvula yoyamba, fungo la dothi lija, mwana kulira atangobadwa, zonsezi ntchito ya mlengi wolephera? Genesis amati zinali zabwino ndithu, ndipo ndinakulira pa mawu amenewo ku Sande sukulu. Nditawafunsa agogo anati zokongolazo n'zochokera kumwamba, zinangosakanikirana ndi zoipa. Yankho limeneli silinandikwanire, ndinawauza. Anangopempha tiyi.

Mayi anaimba pa WhatsApp, sindinawauze kanthu, akanati ndalowa zausataniki, pomwe agogowa ndi munthu wofatsa, wopemphera m'mawa uliwonse. Agogo akuti Lamulungu ndiwaperekeze ku Misa, njinga yawo imafuna wokankha. Sindinawayankhe.