Zikomo nonse amene munamulankhulira mwana wanga

Mwana wanga wamkazi wafika Loweruka lapitali kuchokera ku Nanjing, m'dziko la China, digiri ya uinjiniya ili m'manja patatha zaka 5. Ndinakamuchingamira ku depoti kuno ku Mzuzu, ndipo misozi sindinaibise.

Chaka choyamba chinali cha Chitchaina chokhachokha. Ankandiuza kuti liwu loti "ma" likhoza kutanthauza mayi kapena hatchi, malinga ndi mmene wakwezera kapena kutsitsira mawu. Kuti ayambe maphunziro ake enieni ankayenera kukhoza mayeso a Chitchaina otchedwa HSK 4, amene panthawiyo ankafuna mawu 1,200 pamtima, kuphatikizapo zilembo zawo zija. Kumeneko ali patsogolo ndi maola 6, ndiye akamaimba pa WeChat pakati pausiku akulira kuti akufuna kubwerera, ine ndimakhala ndili pamoto, mthiko uli m'manja, chomuyankha ndilibe.

Mwezi wachinayi anadwala m'mimba koopsa. Adokotala akafunsa, iye ankangoloza pamene pakuwawa. Inu achemwali a ku Chipata, ku Zambia, amene munali m'chaka chachitatu, munasiya mabuku n'kugona naye kuchipatala masiku atatu. Iye akanena m'Chichewa inu mumamva m'Chinyanja chanu n'kuwauza adokotala m'Chitchaina. Ndinu munandiimbira kuti opaleshoni yatha bwino. Nkhope yanu sindinaionepo, koma dziwani kuti ku Chibavi muli ndi mayi.

Ndikuthokozanso mayi wachitchaina wogulitsa ndiwo pafupi ndi sukulu, amene ankamubwerezetsa dzina la masamba aliwonse mpaka atatchula bwino, kenako n'kumuonjezera basera. Akuti lilime lake linamasukira pamenepo. Ameneyunso ndi amene anamusonyeza kogula ufa wachimanga, nsima n'kuyamba kuphikidwa Lamlungu lililonse pamodzi ndi anzake a ku Tanzania ndi ku Zimbabwe.

Amayi anzanga a Umanyano, inu mukudziwa kuti nanenso ndinabwera kuno kuchokera ku Dedza ndisakudziwa ngakhale "monire". Munandiphunzitsa Chitumbuka moleza mtima, ndipo mwanayu atadwala munasonkha ndalama za mayunitsi ndi kundipempherera usiku wonse. Yewo chomene, ŵamama. Amalume ake a ku Luwinga, tikiti yoyamba ija sitinaiwale.

Lamlungu likubwerali tikatuluka m'tchalitchi, tonse tilunjike kunyumba. Kondowole ndi usipa zidzakhalapo, ndipo mwiniwakeyo walonjeza kudalitsa chakudya m'Chitchaina.