Mphaka wogwa khunyu ndi dzina limene linandisocheretsa

Kanema amene aphunzitsi anatisonyeza sabata ino sakundichoka m'maso. Mphaka wakhala phee, maso ali tong'o, dovu likuchucha, mbali imodzi ya nkhope ikunjenjemera, akutafuna koma m'kamwa mulibe kanthu. Poyamba sindinkadziwa kuti limenelonso ndi khunyu. Mwa amphaka ena otere, hippocampus, kachigawo ka ubongo kothandiza kukumbukira, imakhala itatupa chifukwa chitetezo cha m'thupi chaukira mwini wake.

Mu 2013, Akos Pakozdy ndi anzake a ku Vienna anapeza m'magazi a amphaka ena otere ma antibody (mapuloteni amene chitetezo cha m'thupi chimapanga kuti agwire adani) otchedwa a VGKC. VGKC ndi timipata ta m'maselo a mitsempha timene timatulutsa potaziyamu kuti selo likhazikike likatumiza uthenga. Ine ndinangoti basi, ma antibody akuwononga timipatato. Ndinalemba choncho m'kope, mpaka kudula mzere kunsi.

Ndinazindikira kulakwa kwanga nditawerenga mmene kuyezako kumachitikira mu labotale. Amatenga mapuloteni a mu ubongo wa kalulu n'kuwasakaniza ndi dendrotoxin, ululu wa njoka ya mamba umene umakakamira pa timipata ta potaziyamu. Ululuwo amauika chizindikiro cha iodine-125, ayodini wotulutsa cheza, kuti makina athe kuuwerenga. Kenaka amathiramo madzi a magazi a mphakayo. Ma antibody akagwira kanthu, amakoka chimulu chonse, makina n'kusonyeza kuti alipo. Koma chimulucho si kampata kokha ayi. Muli mapuloteni ena omatirira pamenepo, ndipo mu 2010 ofufuza matenda a anthu anasonyeza kuti ma antibody ambiri amagwira mapuloteni otchedwa LGI1 kapena CASPR2, osati kampatako. Mwa amphaka, amene amapezeka ndi a LGI1.

N'chifukwa chake pali njira ina yolunjika: amakakamiza maselo a HEK293 (maselo a munthu oweta mu labotale) kupanga LGI1, n'kuthirapo madzi a magazi, kenaka n'kuyang'ana pa maikulosikopu ngati maselowo akuwala. Njira imeneyi ndaikonda kwambiri, chifukwa imatchula puloteni yeniyeni imene yagwidwa.

Chimene chikundikhudza n'chakuti yankho la kuyezaku limafika mpaka pa mankhwala. Phenobarbital amaletsa kugwa, koma ngati gwero ndi chitetezo cha m'thupi, dokotala amaganiziranso prednisolone, mankhwala ochepetsa kutupa ndi mphamvu ya chitetezocho. Tsamba lija ndaling'amba, ndipo usiku uno ndikulilembanso, LGI1 ndamujambula pambali pa kampata ndi cholembera chofiira.