Chithunzi cha nyanja chomwe chinkachedwetsa tsamba la azakhali

Azakhali anga ali ndi malo ogona alendo aang'ono m'mbali mwa nyanja ku Mangochi, ndipo zaka zingapo zapitazo analipira munthu wina kuti awakonzere tsamba la pa intaneti. Nditapita kukawaona nthawi ya tchuthi, anandikhazika pakhonde n'kundiuza dandaulo lawo: "Mwana wa achimwene, iwe umazidziwa za makompyutazi, tandiuza chifukwa chake munthu akafufuza malo ogona kuno pa Google amangoona a anzanga okhaokha, pomwe athu amapezeka kumunsi kwenikweni." Sindinatulutse laputopu yanga. Ndinawapempha foni yawo, chifukwa foni ngati imeneyo, yotsika mtengo komanso yodalira bandulo, ndi yomwe alendo ambiri a m'dziko muno amakhala nayo m'manja akamafunafuna pogona.

Ndinalemba adiresi ya tsambalo n'kuyamba kuwerenga masekondi chamumtima. Sikirini inakhala yoyera mbee kwa nthawi ndithu, kenaka panatuluka mawu ochepa ndi batani lobiriwira la WhatsApp. Nditatambasula chala kuti ndidine batanilo, chithunzi chachikulu cha dzuwa likutuluka panyanja chinatulukira mwadzidzidzi pamwamba n'kukankhira zonse pansi, moti chala changa chinagwera pena. Apa n'kuti patadutsa masekondi oposa 10. Azakhali anati iwo nthawi yonseyi ankaganiza kuti vuto ndi netiweki ya kunyanja, koma titatsegula tsamba la malo ena oyandikana nawo pa foni yomweyo, tili pakhonde pomwepo, linabwera msanga popanda kugwedezeka kulikonse.

Zoti liwiro la tsamba limakhudza malo omwe Google imaliika si mphekesera. Kampaniyi inalengeza yokha mu Epulo 2010 kuti yayamba kuganizira liwiro posanja masamba kwa anthu ofufuza pa kompyuta. Mu 2015 inayamba kukondera masamba owerengeka bwino pa foni, ndipo mu Julayi 2018 inabweretsa kusintha komwe inakutcha Speed Update, komwe kunafikitsa nkhani ya liwiro kwa ofufuza pa foni. Panthawiyo Google inanena momveka kuti kusinthaku kukhudza masamba ochedwa kwambiri okha, ndipo mfundo imeneyi anthu ambiri ogulitsa ntchito yokonza masamba saitchula. Masiku ano Google imawerenga tsamba lililonse monga limaonekera pa foni, choncho kukongola kwa tsamba pa kompyuta ya mu ofesi sikulithandiza ngati pa foni likuvuta.

Chomwe chinandithandiza kufotokozera azakhali ndi miyeso itatu yomwe Google inalengeza mu 2020 pa dzina la Core Web Vitals, n'kuyamba kuigwiritsa ntchito posanja masamba kuyambira mu Juni 2021. Ubwino wa miyeso imeneyi ndi woti uliwonse ukuyeza chinthu chomwe munthu amachimva m'chala ndi m'maso mwake. Woyamba, Largest Contentful Paint, umayeza nthawi yomwe chinthu chachikulu kwambiri pa sikirini chimatenga kuti chioneke, ndipo kwa ife chinali chithunzi cha dzuwa chija. Google imati zili bwino ngati chaoneka pasanathe masekondi 2.5, ndipo zaipa ngati apitirira 4. Wachiwiri, Cumulative Layout Shift, umayeza kusuntha kwa zinthu tsamba likamatseguka, komwe ndi kukankhidwa kwa batani la WhatsApp komwe kunandiphonyetsa. Nambala yake isapitirire 0.1. Wachitatu, Interaction to Next Paint, unalowa m'malo mwa muyeso wakale mu Malichi 2024, ndipo umayeza nthawi yomwe imadutsa kuchokera pomwe munthu wadina mpaka sikirini itasonyeza kuti yamva. Malire ake abwino ndi mamilisekondi 200, kapena kuti gawo limodzi mwa magawo 5 a sekondi. Pa foni yotsika mtengo muyeso wachitatuwu ndi womwe umavuta kwambiri, chifukwa tsamba lodzaza ndi JavaScript, timapulogalamu tomwe foni imayenera kuyendetsa yokha potsegula tsamba, limatopetsa foni yopanda mphamvu ngakhale netiweki ikhale yabwino bwanji.

Komabe ndinayenera kuwauza azakhali zoona, kuti kuchedwa kwa tsamba sikunali chifukwa chachikulu chomwe anali kumunsi. Google imanena m'malangizo ake kuti imayesetsa kuonetsa tsamba lomwe likuyankha bwino funso la munthu, ngakhale tsambalo litakhala lovutirapo kugwiritsa ntchito, ndipo liwiro limapereka mwayi makamaka pomwe masamba angapo akufanana pa zomwe akunena. Tsamba la azakhali linalibe mitengo ya zipinda, silinatchule dzina la mudzi kapena mtunda wochokera ku boma, silinanene ngati galimoto yaing'ono ingafike nthawi ya mvula, ndipo mawu ochepa omwe analipo anali olembedwa mkati mwa zithunzi, momwe makina osakira sawawerenga mosavuta ngati mawu enieni. Tsamba lotere, ngakhale litamatseguka m'kuphethira kwa diso, silingapambane tsamba lochedwerapo lomwe layankha mafunso onsewa. Zimandipweteka ndikaona amalonda aang'ono akulipira ndalama zambiri kuti awathamangitsire tsamba lomwe mkati mwake mulibe chomwe kasitomala akufuna kudziwa.

Palinso nkhani ya manambala omwe anthu amaonetsana. Munthu akalowetsa adiresi ya tsamba lake mu PageSpeed Insights, tsamba la Google loyezera liwiro, amalandira nambala ya pakati pa 0 ndi 100, ndipo ndaona anzanga akusowa tulo pofuna kuti ifike pa 100. Nambala imeneyi imachokera ku chida chotchedwa Lighthouse, chomwe chimangoyerekeza foni ndi netiweki kamodzi kokha, ndipo si imene Google imagwiritsa ntchito posanja masamba. Yomwe imagwiritsa ntchito ndi miyeso yochokera kwa anthu enieni ogwiritsa ntchito Chrome, pulogalamu ya Google yotsegulira masamba, yosonkhanitsidwa pa masiku 28, ndipo tsamba limayesedwa labwino ngati maulendo 75 mwa 100 alionse akwaniritsa malire aja. Tanthauzo lake ndi loti alendo a tsamba lanu ndi omwe amalipatsa malikisi, ndi mafoni awo komanso netiweki yawo. Ngati ambiri mwa iwo akulitsegula ali pa minibasi pakati pa Liwonde ndi Mangochi, liwiro lomwe mwini tsamba amaliona pa wayifayi ya mu ofesi lilibe ntchito. Masamba aang'ono ngati la azakhali nthawi zambiri sakhala ndi alendo okwanira kuti miyeso imeneyi ioneke n'komwe, ndipo mu Search Console, momwe Google imaonetsa mwini tsamba mmene tsamba lake likuchitira, mumangolembedwa kuti palibe zokwanira zoyezera. Pamenepo chotsala ndi kutenga foni yotsika mtengo, kuzimitsa wayifayi, ndi kuyesa wekha.

Mtunda nawo uli ndi mbali yake, ndipo ife a dziko lopanda doko la kunyanja yamchere timaumva kwambiri. Intaneti yathu imadutsa m'mawaya opita ku Mozambique ndi ku Tanzania isanalowe m'mawaya a pansi pa nyanja ya Indian. Kuwala koyenda m'mawaya amenewa kumathamanga pafupifupi makilomita 200,000 pa sekondi, liwiro lomwe limamveka lalikulu mpaka utakumbukira kuti foni ndi seva, kompyuta yomwe imasunga tsambalo, zimayankhulana maulendo angapo, kupita ndi kubwera, chilembo choyamba chisanaoneke. Seva ya tsamba la azakhali inali ku America, ndipo tsambalo linkaitanitsa zilembo zokongoletsa, mapu ndi kanema kuchokera ku maseva ena osiyanasiyana, chilichonse ndi ulendo wakewake. Makampani monga Cloudflare amasunga makope a masamba m'mizinda yambiri, kuphatikizapo Johannesburg, kotero kuti mlendo wa kuno amatha kulandira zithunzi kuchokera pafupi m'malo modikira kuti ziwoloke nyanja.

Ntchito yomwe tinagwira madzulo awiri inali yosavuta poyerekeza ndi kukula kwa vutolo. Chithunzi cha dzuwa chija chinaikidwa monga chinatulukira mu kamera, cholemera mamegabaiti oposa 4, ndipo kumbuyo kwake kunali zithunzi zina 5 zosinthana zokha zomwe foni inkazitsitsa zonse ngakhale mlendo asanazione. Ndinachotsa zosinthanazo, ndinachepetsa chithunzi chachikulucho kuti chifanane ndi kukula kwa sikirini ya foni, n'kuchisunga mu mtundu wa WebP, womwe umapepuka kuposa JPEG popanda diso kuona kusiyana kwenikweni. Chithunzi chilichonse ndinachilembera utali ndi mulifupi wake mu HTML, malangizo omwe amauza foni mmene tsamba lionekere, kuti foni izichisungira malo chisanafike, ndipo kusuntha kwa batani kunatheratu. Zithunzi za kumunsi ndinazikonza kuti zizibwera pokhapokha munthu akatsikira komweko. Mu WordPress, pulogalamu yomwe anapangira tsambalo, munali ma plugin (timapulogalamu towonjezera) ambiri omwe sankagwira ntchito iliyonse, ndipo tinawachotsa limodzi ndi chikwangwani chomwe chinkatchinga sikirini yonse popempha imelo ya mlendo. Zikwangwani zotchinga zotere Google inayamba kuzilanga pa foni mu Januwale 2017, ndipo ngakhale popanda chilango, munthu wofuna chipinda safuna kuyamba walimbana ndi kachizindikiro kakang'ono kotsekera.

Gawo lomwe linatenga nthawi yaitali linali la mawu. Azakhali ankanena, ine ndikulemba: mitengo ya zipinda, njira yochokera pa msewu wa tala, nthawi yomwe chambo chimapezeka chambiri, ndi zoti magetsi akazima pali sola. Tsambalo tsopano limatseguka m'masekondi pafupifupi 3 pa foni yawo pakhonde lomwe lija, ndipo limadya kagawo kochepa ka bandulo yomwe linkadya kale, chinthu chomwe kwa mlendo wogula bandulo ya tsiku limodzi ndi ndalama zenizeni. Pa Google linakwera pang'onopang'ono m'miyezi yotsatira, ndipo ine ndimakhulupirira kuti mawu aja ndi omwe analikweza kwambiri, pomwe liwiro linathandiza kuti ofikapo asabwerere pakhomo. Nditawaimbira posachedwapa, azakhali anandiuza kuti anthu owalembera pa WhatsApp safunsanso mtengo wa chipinda, koma amayamba ndi kufunsa ngati chilipo chopanda munthu Loweruka likubwerali.